Salima ndi Mangochi: Mpamba wa ku Lilongwe Ukatsikira Kunyanja Ulowere Kuti?

Ndimakhala ku Falls, mu Area 1, ndipo m'mawa uliwonse njira yanga imadzera pa msewu wa Malangalanga. Usanafike n'komwe pamsika, fungo la usipa limakhala litakulonjera kale. Madengu amatsitsidwa kudakali chisisira, ena kuchokera m'maminibasi, ena m'malole amene ayenda usiku wonse, ndipo amayi opikula safunika kuuzidwa kumene katundu wachokera. Akangoona galimoto ndi mwini dengu amadziwa kuti uyu ngwa ku Senga Bay kapena ku Chikombe, uyo ngwa ku Msaka kapena ku Malembo. Mzinda wathu ulibe nyanja, koma ndiwo zake zambiri zimakwera chitunda kuchokera kunyanja, ndipo ndalama zake zambiri zimatsikira komweko.

Funso la maboma awiriwa linabwera pakhomo panga ndi alamu anga, amene anapuma pa ntchito ya boma atagwira zaka zoposa 30. Atalandira ndalama zawo zopumira, mtima wawo unali kunyanja. Tsiku lina madzulo tili pakhonde anati, "Alamu, inu mumayendayenda. Kandalama aka ndikaike kuti, ku Salima kapena ku Mangochi?" Nditawafunsa chimene akufuna kukachita, anati sanatsimikize: kaya malo ogona alendo, kaya sitolo yoodetsa katundu, kaya makina opangira ayezi wosungira nsomba. Sindinawayankhe tsiku lomwelo, chifukwa ndalama za penshoni munthu amalandira kamodzi, ndipo ndinkaopa kuwasocheretsa ndi yankho lapakamwa.

Wamalonda wa ku Lilongwe amayamba wawerengera mafuta asanawerengere phindu, ndiye poyambira ndi pamsewu. Ukachoka ku Old Town n'kulunjika kumpoto pa M1, cha ku Kanengo umakhotera kumanja kulowa M14. Msewuwu umadutsa pa Chezi, pomwe tomato, kabichi ndi nyemba zimakhala mbwee m'mbali mwa phula, kenaka n'kutsika mapiri a ku Mvera mokhotakhota mpaka kuchigwa kumene mphepo imayamba kutentha ndipo milambe imayamba kuoneka. Pa Kaphatenga pali mphambano yolowera ku Nkhotakota, pa Kamuzu Road pali ina yolowera ku Chipoka, Golomoti ndi Balaka. Kuchokera mumzinda kufika pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo ukawonjezerapo 20 wafika pamchenga ku Senga Bay. Ndi ulendo wa maola awiri, nthawi zina osakwana.

Maola awiri amenewa ndiwo chuma chachikulu cha Salima. Nsomba yovuulidwa mbandakucha ikhoza kufika pa Malangalanga isanafewe. Mayi wa geni amanyamuka m'mawa, kukapikula, n'kudzagona kunyumba kwake ku Mchesi kapena ku Biwi osalipira malo ogona. Mabanja a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 amadzuka Loweruka n'kuganiza pompo zopita kunyanja, ndipo maofesi a ku City Centre ndi Capital Hill akafuna kukachitira msonkhano kunja kwa mzinda, Senga Bay ndiye amabwera msanga m'maganizo. N'chifukwa chake gombe lalifupi lija ladzaza ndi mahotela, kuyambira Livingstonia Beach yakalekale mpaka Sunbird Waterfront imene inatsegulidwa mu 2021. Mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno ukunena za Salima kwa munthu wa ku Lilongwe.

Koma Salima sanakule ndi msewu. Anakula ndi njanji. Mu 1935, chaka chimene mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa mtsinje wa Zambezi, njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kudzera ku Balaka ndi Chipoka. Katundu wochokera ku doko la Beira ankatsikira pamenepo, ndipo wopita ku Lilongwe ankapitiriza ulendo pa malole. Fodya, mtedza ndi thonje za m'chigawo chapakati zinkatsika njira yomweyo. Likulu litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, njanji inakwezedwa chitunda ndi thandizo la dziko la Canada, n'kufika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Kwa dziko chinali chitukuko chachikulu. Kwa Salima zinthu zinasintha mwa mtundu wina: pamene panali mathero a ulendo, pomwe katundu ankatsitsidwa, kusungidwa ndi kupakiridwanso, panasanduka pongodutsa. Ndikaona mmene ndalama zimayendera m'bomali lero, ndimaona kuti khalidwe lomwelo la pongodutsa silinachoke.

Malo amene amandiwawa mtima kwambiri ndi Chipoka, makilomita ngati 30 kumwera kwa Salima. M'dziko lonse la Malawi palibenso pena pomwe njanji, msewu wa phula ndi doko la nyanja zimakumana pamodzi. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za Beira ndi Nacala, boma linayang'ana kumpoto. Katundu ankatsika ku Dar es Salaam, kudzera ku Mbeya mpaka ku Chilumba, n'kukwezedwa m'sitima za pamadzi kudzatsikira pa Chipoka, pomwe njanji inkamulandira. Sitima ya Katundu inali ya makontena, ya Ufulu inali ya mafuta. Nkhondo itatha mu 1992, katundu anabwerera ku njira zakummwera ndi ku malole, madzi a nyanja anatsika m'zaka zotsatira, mchenga unadzaza padoko, ndipo ntchito inazilala. Wofika pa Chipoka lero amapeza bata limene silimayenera kukhala pa doko. Ndimatchula zimenezi chifukwa aliyense amene akufuna kukugulitsa malo ku Salima adzakuuza kuti kuno kuli njanji ndi doko. N'zoona kuti zilipo, koma wamalonda wamng'ono sangapakire matumba 50 a mpunga pa sitima imene siima kudikira iye. Sitima ya anthu masiku ano imayenda pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, osafika ku Salima. Chiyembekezo chinabwerera pang'ono mu 2024, pamene sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inadutsa pa Salima n'kukafika ku Kanengo patatha zaka zoposa 20 izi zisanachitike. Njanjiyo ndi yamoyo, koma pakadali pano ikutumikira katundu wamkulu wa likulu.

Amene aika ndalama zambiri ku Salima m'zaka zaposachedwa atsata kuyandikira komweku pamodzi ndi nthaka yachigwa, madzi ndi dzuwa. Fakitale ya shuga ya Salima Sugar, imene inamangidwa ndi ngongole yochokera ku India, inayamba kugaya nzimbe mu 2016. Kampani ya Malawi Mangoes inatsegula minda ndi fakitale yokonza zipatso. Pa Nanjoka pali malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM, a mphamvu ya mamegawati 60, amene anayamba ntchito mu 2021. Palinso ntchito imene yakhala ikuyankhulidwa kwa zaka zambiri, yopopa madzi a nyanja cha ku Lifuwu kuwakweza mapiri kudzafika nawo ku Lilongwe, imene inapatsidwa kwa kampani ya Khato Civils. Ukaziika pamodzi zonsezi umaona kuti zambiri zimayang'ana kuno kumzinda: shuga akwere, magetsi alowe m'nthambo za ESCOM, madzi akwere. Malipiro a ogwira ntchito amatsala ku Salima, pamodzi ndi a asilikali a ku MAFCO ndi ku Senga Bay, ndipo ndiwo amayendetsa masitolo a pa Kamuzu Road kumapeto kwa mwezi. Si ndalama zochepa. Koma phindu lenileni limakwera chitunda.

Apa m'pamene ndinawauza alamu kuti walira mvula walira matope. Msewu womwe umafikitsa nsomba ku Lilongwe m'maola awiri ndi womwewo umafikitsanso wogula wa ku Salima m'masitolo oodetsa a ku Area 2 m'maola awiri. Mwini golosale wa ku Senga Bay akafuna katundu wambiri, kapena womanga nyumba akafuna malata ndi matailosi, sazengereza kukwera minibasi kubwera ku Old Town, kumene masitolo ndi ambiri ndipo mitengo imatsitsana. Ndiye munthu wotsegula sitolo yoodetsa ku Salima sapikisana ndi anzake a pa boma okha, amapikisana ndi Malangalanga yense. Alendo a Loweruka nawo ambiri amabwera atagula kale nyama ndi zakumwa mumzinda, amalipira polowera, amasamba, n'kunyamuka dzuwa lisanalowe kuopa kukwera mapiri a Mvera usiku. Mahotela amadalira kwambiri misonkhano ya boma ndi mabungwe, ndipo nthawi iliyonse imene boma lalengeza kuti likuchepetsa misonkhano ya kunyanja pofuna kusunga ndalama, operekera zakudya ndi ochapa zofunda ndiwo amayamba kuuzidwa kuti adikire kunyumba.

Ulendo wa ku Mangochi ndi nkhani ina. Ukachoka ku Old Town umalunjika kummwera pa M1, kudutsa Nathenje, Linthipe ndi Dedza, n'kukhota pa Masasa kutsika Khwekhwelere, phiri limene limafuna galimoto ya mabuleki abwino ndi dalaivala wodekha. Ukafika pa Golomoti umalowa M10 mpaka pa mphambano yomwe kumanzere n'kolowera ku Monkey Bay, kumanja ku boma la Mangochi. Onse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 250, maola anayi ngati zonse zili bwino. Galimoto zolemera zambiri zimasankha kuzungulira, kudzera ku Salima komweko n'kutsata M5 kudutsa Chipoka ndi Mua, kapena kudzera ku Balaka ndi Liwonde. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso m'nyengo zija za mizere pa malo omwetsera mafuta, kilomita iliyonse yowonjezera imaoneka pa mtengo wa mulu wa utaka.

Mangochi sanabadwe akuyang'ana ku Lilongwe. Tauniyi inakhazikitsidwa mu 1891 ndi dzina lakuti Fort Johnston, m'mbali mwa Shire pafupi ndi pomwe mtsinjewu umatulukira m'nyanja, ndipo inali khomo la sitima zonse zopita kumpoto. Njanji ya 1935 imene inakweza Salima ndi yomweyo imene inailanda ntchitoyi, chifukwa inalambalala Fort Johnston n'kukakhudza nyanja pa Chipoka. Mpaka lero boma la Mangochi lilibe njanji. Yapafupi ili ku Liwonde ndi ku Balaka. Kwa zaka zambiri Mangochi anali nyanja ya anthu a ku Blantyre ndi Zomba monga mmene Salima alili wathu, ndipo msewu wake wabwino kwambiri ukadali woloza komweko, uja wa Liwonde-Mangochi umene unamangidwanso ndi ndalama za African Development Bank.

Chimene Mangochi ali nacho chimene Salima alibe ndi anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 1,148,611 m'boma la Mangochi, pomwe ku Salima anapeza 478,346. Malo a Mangochi ndi aakulunso pafupifupi katatu kuposa a Salima. Anthu ochuluka choncho, otalikirana ndi Blantyre ndi Lilongwe yemwe, amagula kwawo. Wa ku Namwera kapena ku Malindi sangakwere basi ya maola anayi kukafuna matumba khumi a simenti. Amagula pa boma. Kutalika kumene kumavutitsa wotumiza katundu ndi komweko kumatchinjiriza mwini sitolo. Palinso ndalama za ku Joni. Ndi midzi yochepa ku Mangochi imene ilibe mnyamata ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, ndipo zimene amatumiza zimaoneka m'nyumba za malata, m'njinga zamoto za kabaza ndi m'masitolo a zipangizo zomangira. Ndalama zimenezi zimabwera ndi misozi yake, monga tinaonera mu 2008 ndi mu 2015 pamene abale athu ankathawa nkhanza zochitira alendo ku South Africa, koma pamsika wa Mangochi ndi zenizeni.

Kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la Japan, msewu umakwera mapiri kupita ku Namwera ndi ku chipata cha Chiponde, moyang'anizana ndi Mandimba ku Mozambique. Kuchokera kumeneko njira zimapita ku Lichinga ndi ku Cuamba. Salima alibe chipata chapamtunda chotere. Wamalonda wa ku Mangochi ali ndi dziko lachiwiri kuseri kwa phiri, la anthu oyankhula Chiyao ndi Chinyanja ngati iye.

Pa nkhani ya alendo, maboma awiriwa amalandira anthu osiyana. Gombe la pakati pa boma la Mangochi ndi Monkey Bay ndi lalitali, ndipo lili ndi mahotela akuluakulu monga Nkopola, Sun 'n' Sand ndi Makokola, kumene kuli ngakhale bwalo la ndege zing'onozing'ono. Kupitirira apo kuli Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, pomwe amishoni a Livingstonia anayamba kukhazikika mu 1875. Malo osungira zachilengedwe a Lake Malawi National Park anakhazikitsidwa kumeneko mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija timene sitipezeka kwina. Munthu amene wayenda maola anayi, kapena wachokera ku Ulaya, sabwerera tsiku lomwelo. Amagona masiku awiri kapena sabata, amadya pompo, amalipira boti lopita ku chilumba cha Thumbi, amagula zosema. Mlendo mmodzi wa ku Chembe akhoza kusiya ndalama zimene galimoto yodzaza ya pa Loweruka ku Senga Bay singasiye. Komano alendo oterewa amathawa msanga zinthu zikavuta, monga zinachitikira mu 2020 ndi mliri wa Covid-19, pomwe anthu a ku Lilongwe anapitirizabe kutsikira ku Salima ngakhale mochepa.

Nsomba ndizo zinamanga dzina la Mangochi. Kumunsi kwa nyanja madzi ndi osaya komanso achonde, ndipo pamodzi ndi Malombe ndi chigawo cha kumtunda cha Shire ndiko kunali kwawo kwa chambo. Kampani ya Maldeco ili kumeneko, sukulu ya zausodzi ili ku Mpwepwe, ndipo malo okonzera sitima ndi sukulu ya amalinyero zili ku Monkey Bay. Koma aliyense wogula ndiwo ku Lilongwe akudziwa mmene chambo chakwerera mtengo ndi mmene chachepera msinkhu. Ku Malombe chinatha mphamvu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso aang'ono amene ankakokolola ndi ana omwe, n'kusalaza malo oswanirana, ndipo lero asodzi kumeneko amadalira kambuzi. Nkhani ya chambo yasamukira m'makhola oweteramo nsomba a pamadzi. Pamenepa Salima ali ndi chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri. Pa chilumba cha Mbenji, mfumu Makanjira ya ku Salima ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula iliyonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950, n'kudzatsegula cha mu Epulo ndi mwambo wake. Malamulo ake ndi okhwima ndipo amatsatidwa, n'chifukwa chake utaka wa ku Mbenji ukadali wonenepa pamene magombe ena akudandaula. Munthu woika ndalama pa nsomba ayenera kufunsa kaye ngati gombe limene akudalira lidzakhale ndi nsomba zaka khumi zikubwerazi.

Chilonda chachikulu cha Mangochi chili kutsidya, kugombe lakummawa. Kuchokera pa boma kudzera ku Malindi ndi Lungwena kukafika ku Makanjira ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo msewu umenewu anthu akhala akuulirira kwa maboma onse amene alamula dziko lino. Mvula ikagwa mitsinje yotsika m'mapiri a Namizimu imadula njira, mitengo ya thiransipoti imakwera, odwala amavutika kufika kuchipatala, ndipo nsomba ndi mbewu zimagulidwa motchipa ndi ochepa amene afikako. Malonjezo ndi miyala ya maziko zakhalapo, ndipo tsiku limene phula lidzafike ku Makanjira, chigawo chachikulu cha bomali chidzalowa pamsika koyamba. Kufikira tsikulo, chiwerengero chija cha anthu oposa miliyoni tichiwerenge mosamala, chifukwa ambiri mwa iwo lole ya wamalonda siiwafikira chaka chonse.

Pali chinthu chimene chinandidabwitsa nditayang'anitsitsa mapu. Makanjira wa ku Mangochi amayang'anizana ndi Senga Bay, nyanja yokha pakati, ndipo m'derali nyanjayo ndi yopapatiza. Ngakhale dzina la mfumu ndi limodzi kutsidya lino ndi kutsidya ilo. Anthu a kumeneko anadziwa kale kuti njira yawo yachidule yopita ku Lilongwe ndi ya pamadzi, ndipo amawoloka pa maboti a matabwa a injini, atadzaza anthu, matumba ndi njinga, ngakhale m'nyengo ya mwera pamene nyanja imakhala yoopsa. Pamsewu munthu yemweyo akanayenera kutsika mpaka ku boma la Mangochi, kuwoloka Shire, n'kuzungulira nyanja yonse ya kumunsi. Ife a kumtunda timaona nyanja ngati mathero a msewu, pomwe iwo amaiona ngati msewu weniweni. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951 ndipo kwawo ndi ku Monkey Bay, imapita ku Chilumba n'kubwerera kamodzi pa sabata, ndipo ulendo umodzi pa sabata sungamange malonda a tsiku ndi tsiku. Kukanakhala sitima yodalirika, yokhala ndi nthawi yake, yoyenda pakati pa Monkey Bay, Makanjira ndi Chipoka kapena Senga Bay, funso la alamu anga likanachepa mphamvu, chifukwa msika wa Mangochi ukanakwera pa msewu wa Salima. Ndikukhulupirira kuti ndalama zokonzera doko la Chipoka ndi kumanga pokocheza pabwino ku Makanjira zikanabweza phindu msanga kuposa zambiri zimene timamva zikulonjezedwa pa misonkhano.

Vuto limodzi limagwera maboma onse awiri mofanana. Pambuyo pa mvula yamphamvu ya zaka zotsatizana, kuphatikizapo namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, madzi a nyanja anakwera kwambiri, ndipo mu 2024 analowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba zambiri ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Anthu amene anamanga pamchenga m'zaka zimene nyanja inali yotsika anaphunzira kuti madzi saiwala khwawa. Ndinawachenjeza alamu kuti asakagule malo poona kukongola kwa mwezi wa Okutobala. Akafunse akuluakulu a m'mudzi pomwe madzi anafika m'zaka za chigumula, ndipo mapepala a malo akawatsate mpaka ku ofesi ya DC. Ndinawapemphanso chinthu china chimene sichilowa m'buku la phindu: akadzamanga, asadzatseke njira imene amayi amadzera potunga madzi ndi asodzi pokoka mabwato. Magombe ambiri a ku Senga Bay ndi ku Nkopola atsekedwa kale ndi mipanda, ndipo eni nyanja amazungulira mtunda wautali kuti akafike pa madzi amene anabadwira.

Nditayeza zonsezi, ndinabwerera kwa alamu ndi yankho losakhala la mawu amodzi. Salima ali ndi njira zabwino kuposa msika wake, Mangochi ali ndi msika waukulu kuposa njira zake. Ngati akufuna sitolo yoodetsa kapena ya zipangizo zomangira, Mangochi ndiye ali ndi ogula amene sathawira ku Old Town, koma sitolo yotere imafuna mwini wake pakauntala, ndipo alamu sakufuna kusamuka ku Lilongwe kumene kuli adzukulu ndi mpingo wawo. Bizinesi ya makilomita 250 yoyendetsedwa pa foni ndaiona ikugwetsa anthu ambiri. Malo ogona alendo amafuna mpamba woposa umene ali nawo, ndipo ku Senga Bay akanakalowa pa mpikisano ndi mahotela amene ali kale ndi makasitomala a m'maofesi. Chimene chinatsala ndi chija anachitchula pomaliza, ayezi. Katundu amene amaonongeka msanga ndiye amapindula kwambiri ndi msewu waufupi, ndipo nsomba yaiwisi imagulidwa bwino mumzinda kuposa yowamba kapena youma. Mayi amene amafika pa Malangalanga ndi kampango atayamba kununkha amataya mpamba wake wonse tsiku limodzi, ndipo chimene chinamusowa ndi ayezi wa ndalama zochepa. Pa bizinesi iyi kuyandikira kwa Salima sikukulanda wogula, chifukwa ayezi amafunika pagombe pomwepo, nthawi yomweyo.

Ndinawauza kuti asadalire kuti poti pa Nanjoka pali magetsi a dzuwa ndiye kuti ku Senga Bay sazima. Magetsiwo amalowa m'nthambo za dziko lonse, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022 ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mu mpamba wawo ayenera kupatulamo za masola awoawo kapena jenereta, apo ayi makina adzaima tsiku lomwe nsomba zafa zambiri.

Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Zamveka, alamu. Koma ndikufuna ndikaone ndi maso angawa madengu angati amachoka pagombe paja tsiku limodzi." Loweruka lotsatira tinakwera minibasi yoyamba padepoti, ndipo pofika pa Senga Bay dzuwa linali litangokwera pang'ono. Asodzi a chilimira anali atakocheza kale, amayi akukanganirana mitengo mozungulira mabwato, usipa wina ukuyanikidwa pa thandala. Alamu anatulutsa kope ndi cholembera n'kukhala pa bwato lovundikira, akufunsa mayi aliyense wonyamula nsomba zaiwisi kumene akupita nazo ndi kumene wagula ayezi. Ambiri ankayankha kuti ku Lilongwe, ndipo ayeziyo ena anabwera naye dzulo lake kuchokera mumzinda atamukulunga m'matumba, theka atasungunuka kale. Cha m'ma 10 koloko kunatulukira boti lalikulu kuchokera kutsidya, lodzaza mpaka m'milomo. Anthu anatsikira m'madzi ofika m'chiuno, katundu ali pamutu, ndipo oitanira minibasi za ku Lilongwe anathamangira komweko. Alamu anatseka kope lija n'kuimirira kukafunsa woyendetsa botilo kuti amabwera kangati pa sabata.